Buku la Kuchipatala la Malemu Nester Lihoma

Mafumu, abusa, amayi a mvano, adzukulu, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, ndisanalowe mu mbiri ndili ndi mangawa oti nditchule. A Vitalis Namaona, akamwini anga, muli ndi chinthu cha mwana wanga. Ndi buku lake la kuchipatala, lachikasu lija, limene munamulanda mu Ogasiti 2017. Ndinakupemphani katatu ali moyo. Ndakupemphani kawiri ali chigonere m'nyumbamu. Inu mwandiyankha ndi bokosi. Bokosilo ndalandira, matabwa ake ndi abwino, mwapala bwino, kuti ndinu mmisiri palibe akukana. Koma ine sindinaitanitse bokosi. Mwatumizanso mbuzi, anamalira adya, zikomo. Ine ndikufuna buku, ndipo chivundikiro sichikhomedwa bukulo lisanalowe. Chifukwa chake muchimva kutsogoloku.

Amene ndalemba izi ndine mayi wobereka malemu. Akuwerenga ndi achimwene anga a Stanford, eni mbumba. Tagwirizana kuti awerenga zonse mmene zilili. Akalumpha mzere ndidziwa, ndipo ndiimirira.

Malemu Nester Lihoma anabadwa pa 14 Malichi 1986 m'mudzi uno, kufupi ndi Magomero, m'nyumba ya udzu imene inali pomwe paimikidwa tentipo. Bambo awo anali malemu a Lawrence Lihoma. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu, koma mwana wamkazi anali yekhayu. Anabadwa masana mvula ikugwa, sanalire msanga, mpaka azamba anachita kuwatsina. Kuyambira pamenepo anali munthu wosafulumira kudandaula. Anthu ankayamikira khalidwe limeneli. Ine lero sindikuliyamikira.

Sukulu anayamba mu 1993 ndipo anafika sitandade 8. Ankakhoza masamu. Analekeza mu 2002, chaka cha njala, pamene tinkadya makaka ndi mitsitsi ya nthochi. Anabatizidwa mu 2001 ndipo analowa mvano mu 2010. Ankaimba mawu apansi, aja osamveka kwambiri koma akasowa nyimbo imapepuka.

Mu 2005 anakwatiwa ndi a Vitalis, kalipentala. A Vitalis anabwera chikamwini, ndinawapatsa malo kuseri kwa mango awo, anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, anakhomanso benchi lija mukuliona pakhonde. Mulikumbukire benchilo, ndibwererako. Mu 2007 kunabadwa Jonathan. Mu 2009 kunabadwa mwana wina amene sanakhalitse. Mu 2012 kunabadwa Fortune.

Ntchito ya malemu inali geni. Ankagulitsa tomato ndi nandolo pa msika wa Namadzi, moyandikana ndi mnzawo mayi Zuwena. Ankaunjika milu yolungama, osabisa wovunda pansi. Kutsitsa mtengo sankadziwa kukana, ndipo pa ichi tinkakangana kawirikawiri, chifukwa ine sindinawaphunzitse choncho.

Tsopano matenda. A Stanford anati tingonena kuti adwala nthawi yaitali. Iyayi. Mawu amenewo ndawamva pa maliro ambiri a amayi m'dera lino, ndipo tonse timabwerako osaphunzirapo kanthu. Malemu anandilola okha kuti ndidzanene.

Mu 2011, ali ndi pakati pa Fortune, anawapeza ndi kachilombo koyambitsa Edzi. Anayamba mankhwala tsiku lomwelo ndipo ankamwa mokhulupirika. Mwana anabadwa alibe. Thupi linabwerera, ankasenza dengu kuchokera pano mpaka pamsewu osatula. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho.

Mu Ogasiti 2017, atapita kukatenga mankhwala awo, anesi anawapempha kuti awayeze khomo la chiberekero. Amapaka viniga, yemweyu wa m'sitolo, n'kuyang'ana. Pamene pali vuto pamayera. Pa malemu panayera. Anesi anajambula m'buku kabwalo kozungulira, n'kudetsa mbali imodzi ndi cholembera, n'kulemba tsiku loti abwerere: Lachinayi, 17 Ogasiti. Anawauza kuti si khansa, ndi poyambira chabe, amangopawotcha ndi kachipangizo, ntchito yosatha ndi ola lomwe. Koma anati abwere ndi abambo akunyumba, kuti adzamve ndi makutu awo zoti akatero pamafunika masabata asanu ndi limodzi osakhalira pamodzi, mpaka chilonda chipole.

Masabata asanu ndi limodzi. Nandolo timamudikira miyezi isanu ndi umodzi osadandaula.

A Vitalis anakana. Anati akuchipatala akufuna kutseka mimba za akazi, anati iwo sanakwatire kuti azigona ngati mlendo m'nyumba yomanga okha. Anatenga buku n'kulitsekera m'bokosi lawo la zipangizo, pansi pa mapuleni, n'kukhoma loko.

Apa nditchule mlandu wanga, kuti wina asanene kuti ndikuloza anthu okhaokha. Malemu anabwera kwa ine madzulo a tsiku limenelo, ndikupeta chimanga. Anandifotokozera zonse. Ine sindinasiye n'kupeta komwe. Ndinawafunsa ngati pakupweteka. Anati ayi. Ndinawafunsa ngati pakutuluka kanthu. Anati ayi. Ndiye ndinati: “Munthu wosadwala akakuwotcha chiyani? Ukamumana mwamuna masabata onsewo akapeza wina, usadzandilirire kuno.” Ndinawabweza kunyumba kwawo. Mawu amenewo ndi anga, ndipo sindikuwakana.

Popanda buku, malemu anachita manyazi kubwerera kuchipatala, poopa kufunsidwa chifukwa chimene sanabwerere Lachinayi lija. Anakhala chaka ndi miyezi iwiri osamwa mankhwala awo. Sitinadziwe. Alangizi a zaumoyo anabwera kawiri, iwo ankabisala kumunda. Atayamba kuonda ndi kutuluka zilonda m'kamwa, anagula buku latsopano n'kukayambiranso pa chipatala china. Ena munena kuti si buku linagulidwa lina, nanga mayiyu akulimbikira chiyani. Mverani. Buku latsopano linali loyera. Kabwalo kaja munalibe. Akawaitana kuti akayezedwe, ankati ndinayezetsa kale, ndili bwino, ndipo panalibe pepala lowatsutsa.

Mu 2019 a Vitalis anakwatira mkazi wachiwiri, Esnat, wa ku Kadewere. Ndiye kuti chimene ndinkaopa chinachitikabe, masabata aja osawamana n'komwe.

Mu 2022 malemu anayamba kutaya magazi pakati pa mwezi. Tinati ndi jakisoni wa kulera. Anasiya jakisoni, magazi sanasiye. Kenako kunabwera madzi onunkha ndi msana. Ankachapa nsalu zawo okha kumtsinje, kutali ndi anzawo, n'kuyanika m'nyumba. Pamsika mayi Zuwena ndiwo anayamba kuzindikira, chifukwa malemu anasiya kukhala pa mpando n'kumagulitsa chiimire tsiku lonse.

Mu 2023 mwendo wakumanzere unatupa. Ine ndinati basi, ndi tsempho, mwamuna wamusempha poyenda nyumba ziwiri mosasamala mwambo. Ndinasonkhanitsa ankhoswe, ndinakalipa, ndinakatenga mankhwala kwa asing'anga. Ndinaumiriza kuti Esnat abwere adzathire yekha mchere ndi mankhwalawo mu ndiwo, onse atatu adyere mbale imodzi. Esnat anabwera, anathira, anadya, sanatsutse. Mwendo sunaphwe. Pamenepa tinatayapo chaka china, ndipo chimenecho chili pa ine.

Mu Epulo 2024 mayi Zuwena anawakweza minibasi mokakamiza kupita nawo kuchipatala cha boma, kumene anawatumiza ku Blantyre. Ndinapita nawo. Kumeneko anatiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira, opaleshoni siingathandize. Anayesa mankhwala a m'diripi kanayi. Tsitsi linathothoka, chotupa sichinamvere.

Ine sindichoka pamalo ndisanamvetse. Ndinawagwira adokotala, mayi wochepa zaka kwa Nester, ndinati mundiuze m'Chinyanja chimene chadya mwana wanga. Zimene anandiuza ndi izi, ndipo amayi mutchere khutu.

Akuti pali kachilombo kena, osati ka Edzi, amakatchula HPV. Kamayenda pogonana. Akuti ndi kofala kwambiri, anthu ochuluka amakumana nako pa moyo wawo, amuna ndi akazi omwe, okwatira ndi osakwatira, opemphera ndi osapemphera. Mwamuna amakasenza osamva kanthu. Kakafika pa khomo la chiberekero, thupi lili ndi asilikali ake, amakathamangitsa mwakachetechete, chaka chimodzi kapena ziwiri katha, mwini wake osadziwa kuti kunabwera mlendo. Amayi ambiri zimathera pomwepo. Koma kwa ena kamakhala. Makamaka asilikali akachepa, monga zimakhalira ndi kachilombo ka Edzi munthu akasiya mankhwala, palibe wokapirikitsa. Kamakhazikika, kamayamba kusintha mnofu pang'onopang'ono, osapweteka, osatulutsa kanthu, zaka ndi zaka. Kuyera kumene anesi anaona mu 2017 kunali kumanga maziko. Akuti akanawotcha nthawi imeneyo, mwina lero bwenzi ali pamsika.

Ndinafunsa kuti anabweretsa kachilomboko ndani, kuti ndidziwe womulipiritsa. Anati palibe angadziwe, mwina kanalowa kalekale, ndipo kufufuza zimenezo n'kutaya nthawi. Ndinavomera. Ndiye a Vitalis mumve bwino: za kachilombo sindikukuimbani mlandu. Mlandu wanu ndi loko.

Tinabwerera kuno mu Disembala 2024 ndi mankhwala amadzi oletsa ululu. Malemu anagona m'nyumba mwanga. Mwezi wa Meyi wapitawu ndi pamene zinayamba zimene ndikufuna mumve.

Kunali chiperoni, nkhungu itatsika m'phiri mpaka osaona nkhokwe. Masana ndithu, cha m'ma leveni. Ndinawatulutsa pakhonde kuti apume mpweya, ndinawakhazika kumapeto kwa benchi lija, tinali titalisamutsira kuno. Anayang'ana pabwalo nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndisunthe, ndaima pamzere wa anthu. Pabwalo panalibe munthu. Ndinafunsa kuti mzere wanji. Anati wa pachipatala, amayi okhaokha, wafika mpaka ku mango. Anati iwo ndi oyamba, chitseko chili apa, mkatimo akuitana mayina.

Ndinati nanga bwanji osalowa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. “Sandilowetsa popanda buku, amayi.” Ndinawabweretsera latsopano lija. Analikankha. Anati limeneli mulibe kanthu, akufuna lojambulidwa.

Kuyambira tsiku limenelo, chiperoni chikangotsika ankapempha kukhala pa benchi, malo omwewo, manja pa maondo ngati munthu wodikira. Sankaopa. Nthawi zina ankagwedeza mutu kupereka moni kwa anthu amene ine sindinkawaona. Anatchulako awiri mayina, ndipo onsewo tinawaika kale, wina chaka chatha, wina chaka cha dzana. Mabanja awo ali pano, sindiwatchula. Koma ankavutika ndi mmodzi, amene anaima kumbuyo kwawo kwenikweni. Ankati ameneyu ndi wamoyo, amapuma, mpweya wake umafunda pakhosi. Wafunda chitenje chobiriwira kumutu, nkhope sikuoneka. Ankati nayenso manja ake ali opanda kanthu. Ankandipempha kuti ndimuuze achoke pamzerepo, nthawi ikanalipo. Ndinkafunsa kuti ndi ndani, ankati sakutembenuka bwino, khosi likuwawa.

Anesi amene ankabwera kudzatiyendera anati ndi mankhwala aja, amalotetsa munthu ali maso. Mwina. Ine sindinaphunzire, sindingatsutsane nawo. Koma mankhwala ankamwa ndi malemu, osati ine.

Katatu ndinapita kwa a Vitalis. Koyamba anati buku linadyedwa ndi chiswe. Kachiwiri anati kiyi anataya. Kachitatu anangopitiriza kupala thabwa, ndipo ndikuganiza tsopano kuti thabwa lake ndi limodzi mwa awa.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 10 Juni 2025, nthawi ya 2 koloko masana, ali ndi zaka 39. Anamwalira atakhala pa benchi, mutu utatsamira khoma. Ndinkaganiza kuti akuwodzera. Mawu awo omaliza anali ofunsa ngati buku lafika.

Chiyambire Lachiwiri m'nyumbamu mukununkha viniga. Ine viniga sindisunga, sindinagulepo. Amayi osambitsa thupi anamva, mayi Zuwena anamva, anayang'ana mpaka kudenga. Tafukiza, tatsegula mawindo, likadalipo. Ndipo Lachitatu lonse anthu munadzaza pakhonde, ena kukhala pa njerwa, ena pansi ponyowa, koma kumapeto kwa benchi palibe anakhalapo. Ndinafunsa anthu atatu, aliyense payekha, chifukwa chake. Onse anati amayesa pali munthu. Yang'anani ngakhale panopa.

Ndiye abusa mundikhululukire, ndikudziwa kuti kumwamba safunsa buku la kuchipatala. Koma mwana wanga anadikira pa benchi mwezi wathunthu, ndipo ine ndinamubweza kamodzi ali ndi moyo. Sindimubwezanso kachiwiri chimanjamanja.

Zonse zam'mwambazi ndinalemba dzulo, Lachitatu. Sindinafufute kanthu chifukwa ndi zoona. Izi zotsatirazi ndawonjezera m'mawa uno.

Kutacha, adzukulu atanyamuka kupita kumanda, ndinali kuseri ndikutsuka mbale. Nkhungu inali itatsikanso. Ndinaona munthu akubwera kuchokera ku mango, atafunda chitenje chobiriwira kumutu chifukwa cha mvula yowaza. Ndinakhala pansi m'matope. Anafika pafupi n'kuvundukula. Anali Esnat.

Anati anatenga tchizulo n'kuswa loko wa bokosi la zipangizo, amuna ake ali kuno kusiwa. Anandipatsa buku la Nester. Chiswe sichinaligwire n'pang'ono pomwe. Kenako anatulutsa lachiwiri, lachikasunso, linali pansi pa loyambalo. Limeneli ndi lake. Chingerezi sindiwerenga, koma kabwalo ndimakadziwa. Ndinatsegula onse awiri n'kuwayandikizitsa. Kabwalo kozungulira, kodetsedwa mbali imodzi, ndi tsiku lobwerera. La Nester, Ogasiti 2017. La Esnat, Febuluwale chaka chino. Nayenso anauzidwa za masabata asanu ndi limodzi, nayenso analandidwa. Ndinamufunsa ngati pakupweteka. Anati ayi. Ndinatsala pang'ono kufunsa funso lachiwiri lija, ndinadzigwira pakamwa.

Wandilola yekha kuti ndinene izi pagulu. Wakhala apo pakati pa amayi, musamuyang'ane ngati wachita cholakwa, ndiye yekha wachita chanzeru sabata ino.

Tsono zikhala motere. Lolemba m'mawa ine ndi mayi Zuwena timutenga Esnat kupita naye kuchipatala. Si mwana wanga, ndi mkazi mnzake wa mwana wanga, ndipo ndinamuda zaka zisanu ndi chimodzi. Zimenezo zilibe ntchito. A Vitalis, buku lafika koma simunabweretse ndinu, ndiye mangawa anu akadalipo. Ankhoswe anu anandifunsa dzulo za tsiku lokusudzulani, kuti mumasuke muzipita. Yankho ndi ili. Lolemba mutsagane nafe, mukhale pa benchi la kuchipatala, mumve ndi makutu anu za masabata aja, ndipo muwasunge onse asanu ndi limodzi. Akatha, Esnat akadzandiuza yekha kuti wapola, tidzakusudzulani mwaulemu, zipangizo zanu mudzatenge zonse. Mukapanda kutero sitikusudzulani chaka chino kapena chamawa. Musatumize mbuzi ina. Pamenepa palibe kunenerera.

Amayi ena nonse, malemu anati mzere unafika ku mango. Ine ndinaonetsedwa mmodzi yekha. Enanu mudzifunse nokha kuti munayezetsa liti, ndipo buku lanu akusunga ndani. Amene muli pa mankhwala a Edzi musalumphe, ndiwo amasunga asilikali aja.

Malemu asiya mayi awo, ine. Asiya amuna awo a Vitalis Namaona. Asiya ana awiri, Jonathan wa zaka 18 ndi Fortune wa zaka 13. Fortune analandira katemera wa kachilombo ka HPV kaja kusukulu, chifukwa mayi ake anavomera pamene ena ankathawitsa ana awo, ndipo sanandiuze ine mpaka atabayidwa. Asiyanso alongo awo anayi ndi amalume awo a Stanford. Ana akhala ndi ine.

Ndikuthokoza mayi Zuwena, amene si a mpingo wathu koma anachapa nsalu zimene abale ena ankaziopa. Ndikuthokoza amayi a mvano potunga madzi ndi kudzaimba masana, anzawo a pamsika wa Namadzi, anesi amene ankabwera pa njinga ngakhale kuli matope, ndi adokotala aja amene sanatope ndi mafunso anga. Adzukulu, zikomo podikira. Mafumu, zikomo potipatsa malo.

A Stanford, mukafika apa muime. Ndidzuka ndekha ndikaike buku m'manja mwake, kenako akhome.

Nester mwana wanga, buku lako ili, lojambulidwa lija. Akaitana dzina lako ulowe. Usatembenuke kuyang'ana wa kumbuyo kwako, ameneyo ndamuona, ndimuchotsa pamzere Lolemba. Benchi ulisiye tsopano. Mzimu wako uuse mumtendere.